Kupeza zovala za mayina pa kaunjika ku Mangochi

Chovala cha Ralph Lauren, Levi's kapena Burberry sichikhala nthawi yaitali pa mulu. Chimachoka belo likangodulidwa zingwe, ndiye ntchito yoyamba ndi kudziwa tsiku limene mavenda a pamsika wa pa boma amatsegula katundu watsopano. Sankhani ogulitsa awiri kapena atatu, muwafunse mwaulemu kuti, "Achimwene, belo la malaya mutsegula liti, ndipo ndi lochokera kuti?" Asiyireni nambala, afotokozereni saizi yanu. Mabelo ochokera ku UK, Canada ndi America ndi amene amatulutsa zovala za mayina kawirikawiri. A ku China amachuluka masaizi aang'ono ndi zafeki. Fikani m'mamawa. Mtengo wa zosankha zoyamba umakhala wokwera, koma wolondola ngati chovalacho ndi orijino.

Kutentha kwa Mangochi nkothandiza wogula. Majekete a ubweya, makhoti ndi majuzi sayenda malonda mu Okutobala ndi Novembala, ndipo wogulitsa amafuna angomuchokera. Gulani pamenepo, musadikire Juni. Masabata oyandikira Eid ndi Khrisimasi anthu amachuluka, mitengo ya malaya, madiresi ndi nsapato imakwera, kunenerera kumavuta.

Pa mulu, manja ayambe maso asanawerenge lebulo. Thonje labwino limalemera ndipo limazizira m'manja, pomwe poliyesita amaterera ndipo kuno amakuphikani. Tembenuzani chovalacho muone misoko. Ulusi ukhale wowongoka, wothithikana, wopanda zolendewera. Pa malaya a mizere, mizere ya pathumba ikumane ndi ya pachifuwa. Lebulo ya pakhosi ndi yosavuta kusokerera pa chovala wamba, choncho funani kansalu kam'kati cha m'mbali, kamene kamanena mtundu wa nsalu, dziko ndi kachapidwe. Zilembo zolakwika kapena zofufutika pamenepo ndi chizindikiro choipa.

Dzina lililonse lili ndi pake poligwirira. Jinzi ya Levi's 501 imatsekedwa ndi mabatani, osati zipi, ndipo kansalu kofiira kamakhala m'mbali mwa thumba lakumbuyo la kumanja. Kuseri kwa batani lapamwamba kumakhala kodindidwa nambala. Tisheti ya kolala ya Lacoste ili ndi mabatani a mabowo awiri opanda dzina, ndipo saizi ya amuna imalembedwa ndi nambala monga 4 kapena 5. Khoti lolembedwa "Burberrys" musalitaye poganiza kuti alakwitsa: kampaniyo inkalemba choncho mpaka 1999. Pa nsapato za Nike, werengani nambala ya manambala kapena zilembo 6, kamzere, kenako manambala 3, imene ili kuseri kwa lilime, muilembe pa Google. Ikatuluka nsapato ya mtundu wina, ibwezeni. Zipi ya YKK ndi chizindikiro chabwino, ngakhale payokha siyokwanira.

Orijino yowonongeka ndi kutaya ndalama basi. Kwezani juzi padzuwa muone tibowo ta njenjete. Jinzi imayamba kutha pakati pa miyendo, malaya pakolala ndi kukhwapa, ndipo chikasu cha thukuta chakale sichichoka. Kokani lastiki: ikalira ngati ikuthetheka, yafa. Nsapato ndi zimene zimapweteka anthu ambiri. Soli ya pulasitiki yofewa yotchedwa polyurethane, yopezeka pa nsapato zambiri za Ecco ndi Clarks, imafumbutuka chifukwa cha chinyezi ikakhalitsa osavalidwa, ngakhale pamwamba pakuoneka patsopano. Ipindeni mwamphamvu, ikandeni ndi chikhadabo. Ikang'aluka kapena kumata, isiyeni. Koma batani losowa, zipi yakufa kapena msoko wosomoka, telala amakonza, ndipo ndi pamene muyenera kugwetsera mtengo.

Yendani ndi tepi yoyezera, mutayeza kale buluku ndi malaya amene amakukwanani. Saizi 10 ya diresi ya ku UK si 10 ya ku America, ndipo zakale zambiri zinafupika pochapa. Telala angachepetse chachikulu, koma jekete lothina m'mapewa palibe chochita nalo.

Alipo ena amene amasankhiratu pa belo, kapena kugulitsira anzawo pa komishoni, nkumaika zithunzi pa WhatsApp ndi Facebook. Apempheni chithunzi cha kansalu kam'kati ndi soli, ndipo musatumize Airtel Money kapena Mpamba yonse musanachigwire chovalacho.

Mukafika kunyumba, chapani musanavale. Fungo la belo limachepa mukaviika chovala mphindi 30 mu ndowa ya madzi ozizira mutathira theka la kapu ya viniga woyera. Za ubweya ndi silika musazifinye kapena kuzithira madzi otentha, zimakwinyika osabwerera. Juzi muyanike chogoneka pamthunzi. Chilichonse choyanikidwa panja chisitidwe mbali zonse, makamaka m'misoko, chifukwa ntchentche za mphutsi zimaikira mazira pa zovala zonyowa. Pa silika, nsimbi ikhale yofunda chabe ndipo muyale kansalu ka thonje pamwamba.