Mwana woyamwa akamawengedwa ndi chakudya: momwe mungachitire osamuchotsa pa bere

Mwana wanga wachiwiri anali ndi masabata 7 pamene ndinayamba kuona timizere ta magazi m'thewera lake. Sanali magazi ambiri ayi, koma timizere tofiira ngati ulusi, tosakanikirana ndi zonanda ngati mamina. Masaya ake anali ofiira ndi okhakhala, ndipo madzulo aliwonse ankalira atapinda miyendo mpaka mawu kusasa. Thupi silinkatentha, ankayamwa bwino, kusikelo ankakwera. Apongozi anga atangoona thewera lija anati mkaka wanga wawonongeka, ndimusiyitse bere. Sindinamusiyitse. Anayamwa mpaka zaka 2, ndipo ndikufuna mayi amene ali pamene ndinali ine adziwe kuti mwana wa ziwengo sachotsedwa pa bere. Chimene chimasintha ndi mbale ya mayi.

Nkhani yake ili chonchi. Mayi akamwa mkaka wa ng'ombe, tizigawo tating'ono ta mapuloteni ake timadutsa mpaka mu mkaka wa m'mawere. Ana ambiri sizimawavuta, koma ena thupi lawo limalimbana ndi mapuloteni amenewa ngati ndi matenda, ndiye matumbo kapena khungu zimapsa. Kwa makanda, mkaka wa ng'ombe ndiwo umayambitsa vutoli kawirikawiri. Mazira, soya ndi mtedza zimabwera pambuyo pake.

Choyamba, pitani kuchipatala musanasiye chakudya chilichonse

Magazi m'chimbudzi cha khanda si ziwengo nthawi zonse. Akhoza kukhala kamwazi, kapena kachilonda kakang'ono potulukira chimbudzi, ndipo izi amazisiyanitsa ndi achipatala, osati ife. Jambulani thewera ndi foni pamalo powala, chifukwa tsiku lomwe mwafika pamzere wa kuchipatala ndi lomwe mwana amachita chimbudzi choyera bwinobwino. Ine chithunzi ndicho chinandithandiza kuti adokotala amve zomwe ndinkanena. Pemphani kuti zonse zilembedwe m'buku la mwana la kuchipatala. Ngati pachipatala chaching'ono zikuvuta, angakulembereni kalata yopita kuchipatala cha boma, kapenanso ku Queen Elizabeth kapena Kamuzu Central komwe kuli madokotala a ana.

Ziwengo zilipo za mitundu iwiri, ndipo muzisiyanitse. Zina zimabwera mochedwa, patapita maola angapo mwina masiku awiri: magazi ndi zonanda m'chimbudzi, kutsegula m'mimba, kusanza pafupipafupi, khungu lokhakhala. Za mwana wanga zinali zimenezi. Zina zimabwera pompopompo, pasanathe maola awiri: zidzolo zotupa ngati wakhudza chitedze, milomo kapena zikope kutupa, kusanza. Mukaona mwana akubanika, mawu akusasa mwadzidzidzi, lilime latupa kapena walefuka, thamangani naye kuchipatala nthawi yomweyo, usiku kapena usana. Mankhwala ake ndi jakisoni wa adrenaline. Piriton sachotsa kubanika, komanso khanda salipatsa Piriton popanda adokotala kunena.

Chachiwiri, gulani kope

Kope lotchipa la ana asukulu ndilokwanira. Tsamba limodzi tsiku limodzi: kumanzere zonse zomwe inuyo mwadya ndi kumwa, kumanja matewera angati, maonekedwe ake, kulira, khungu. Lembani ngakhale bisiketi imodzi yomwe mwalandira mu minibasi. Chifukwa chake muchiona pompano.

Chachitatu, chotsani chinthu chimodzi, koma muchichotse chonse

Apa ndi pamene ine ndinapunthwa, ndipo ndinataya pafupifupi miyezi iwiri.

Adokotala anandiuza kuti ndisiye mkaka wa ng'ombe kwa masabata 2 mpaka 4 tione. Ndinamva ngati nkhani yaing'ono. Ndinasiya kuthira mkaka mu tiyi, ndinasiya chambiko ndi yogati, basi ndinkadziona kuti ndatsatira malangizo. Koma m'mawa uliwonse ndinkapaka majarini pa buledi. Masana, popeza kuyamwitsa kumabweretsa ludzu ndi njala, ndinkamwa maheu a m'botolo, aja otsekemera onunkhira nthochi. Mu tiyi ndinayamba kuthira ufa woyera uja wa creamer, poganiza kuti si mkaka popeza wogulitsa pagolosale ananditsimikizira kuti "uwu si wa ng'ombe, mayi". Masabata atatu anatha, magazi ali pomwepo.

Ndiye ndinaganiza kuti vuto si mkaka. Aliyense wobwera kudzaona mwana ankasiya lamulo lake. Wina anati nyemba zimatupitsa mwana m'mimba. Wina anati mazira. Anzanga a kutchalitchi anati nsinjiro ndi nsomba. Ine chifukwa cha mantha ndinasiya zonsezo tsiku limodzi, n'kutsala ndi nsima, masamba ofutsa ndi tomato, koma buledi wopaka majarini ndi maheu aja ndikupitiriza, poti palibe anazitchula. Zitenje zinayamba kundizungulira kawiri. Tsiku lina ndikuchapa matewera pampopi ndinachita chizungulire, ndinakhala pansi m'matope momwemo beseni lili pamiyendo, mwana ali kumbuyo akulira. Usiku umenewo ndinauza bambo ake kuti mwina amayi akunena zoona, tikagule mkaka wa m'chitini.

Anali bambo akewo amene anatenga kope lija n'kuyamba kuwerenga tsiku ndi tsiku. Kenako anapita pa bini kukatola botolo la maheu, analitsuka n'kuwerenga timalemba tating'ono ta kumbuyo. Panali milk solids. Pa chibekete cha majarini panali whey. Pa paketi ya creamer panali caseinate, yomwe ndi puloteni ya mkaka womwewo. Ndinali ndisanasiye mkaka ngakhale tsiku limodzi.

Choncho werengani kumbuyo kwa chilichonse chomwe chili m'paketi, m'botolo kapena m'chitini. Zimalembedwa m'Chingerezi, ndiye lowezani mawu awa kapena alembeni pachikuto cha kope: milk, milk solids, skim milk powder, whey, casein, caseinate, butter, cream, cheese. Si majarini onse kapena maheu onse ali ndi mkaka, koma ambiri ali nawo, komanso makampani amasintha zosakaniza osalengeza, ndiye muziwerenga ulendo uliwonse. Mabisiketi, makeke, chokoleti, masikono ndi buledi wina wotsekemera, zonsezi zikayikireni. Mandasi a pamsika alibe chikalata, ena amathiramo mkaka ena ayi, ndipo wogulitsa amakuyankhani zomwe akuona kuti mukufuna kumva. Ine ndinangowasiya. Zinthu zopimidwa m'timapepala ta pulasitiki topanda dzina, monga ufa wa mkaka kapena creamer wa m'majumbo, musayese n'komwe, simungadziwe chomwe chasakanizidwamo.

Zinthu ziwiri zomwe zimanamiza anthu. Mkaka wa mbuzi si njira yothawira, mapuloteni ake amafanana kwambiri ndi a ng'ombe ndipo ana ambiri amawawenga chimodzimodzi. Mkaka wolembedwa lactose free nawonso suthandiza, chifukwa chomwe achotsamo ndi shuga wa mu mkaka, mapuloteni ali momwemo.

Nditasiyadi zonse za mkaka, n'kubwezera nyemba, mazira, nsinjiro ndi usipa m'mbale mwanga, magazi anasiya kuoneka pasanathe sabata. Zonanda zinatenga masabata awiri. Masaya anachedwa kwambiri, pafupifupi mwezi. Musataye mtima tsiku lachitatu. Ngati masabata 4 atha mukutsatira bwinobwino koma palibe kusintha, bwererani kuchipatala ndi kope lanu. Ana ena owengedwa ndi mkaka wa ng'ombe amawengedwanso ndi soya, ndiye mwina angakuuzeni kuchotsa soya kapena mazira, koma chimodzi chimodzi, osati mmene ndinachitira ine.

Chachinayi, dyani

Mayi woyamwitsa amafunika kashiamu wokwana mamiligalamu pafupifupi 1,000 patsiku, ndipo mukasiya mkaka muyenera kumupeza kwina. Mwayi wathu kuno ndi woti tili ndi usipa ndi matemba, zomwe timadya ndi minga yake yomwe, ndipo kashiamu ali mu mingamo. Onjezani bonongwe, mpiru, nkhwani, chisoso, chigwada, masamba a cham'mwamba ndi nyemba. Usipa wogula timilu tsiku ndi tsiku umadula. Ine ndinkagula kandowa ka malita 5 limodzi ndi mnzanga wa pafupi n'kugawana, tikauyanikanso padzuwa tsiku limodzi umakhalitsa. Ununkhizeni musanalipire, wofewa ndi wonunkha chinyezi usiyeni. M'malo mwa maheu ndinabwerera ku thobwa lophika ndekha, m'malo mwa majarini ndinkapaka peyala. Nyama ya ng'ombe ana ambiri otere siwavuta, ine ndinkadya ikapezeka. Funsaninso kuchipatala ngati mukufunika mapilitsi a kashiamu.

Za mkaka wa m'chitini ndinenepo pang'ono. Wamba uja wa m'masitolo amaupanga kuchokera ku mkaka wa ng'ombe, ndiye kumupatsa mwana wotere ndi kuwonjezera vuto. Ulipo wapadera womwe mapuloteni ake anaphwanyidwa, koma umapezeka m'mafamase ochepa a m'tauni, umasowasowa, ndipo nditamva mtengo wa chitini chimodzi, chomwe sichimaliza n'sabata yomwe, ndinangothokoza n'kutuluka. Ena amagulitsa pa Facebook ndi pa WhatsApp zitini zoti achokera nazo ku Joni. Musagule chitini chophwanyika m'mbali, chofufutika deti, kapena chomwe adokotala sanakuuzeni. Malangizo a Unduna wa Zaumoyo ndi a WHO ndi omwe aja: kuyamwitsa mwakathithi miyezi 6, kenako kupitiriza limodzi ndi zakudya zina mpaka zaka 2 kapena kupitirira. Amayi omwe ali pa ma ARV, musasakanize bere ndi zina mwana asanakwane miyezi 6 musanakambirane ndi achipatala.

Chachisanu, yesani kubwezera

Mwana akachira, pamafunika kutsimikiza kuti unalidi mkaka, kuopa kudzimana chaka chonse pachabe. Adokotala akavomereza, mayi amamwanso mkaka kwa masiku angapo n'kumaona. Ine ndinamwa kapu imodzi ya tiyi wamkaka masiku awiri, tsiku lachitatu timizere tija tinabwerera, ndinasiya. Kuyesa kumeneku ndi kwa ziwengo zochedwa zokha. Mwana amene anatupapo milomo kapena kubanika samuyesera kunyumba.

Chachisanu ndi chimodzi, akafika miyezi 6

Yambani ndi phala la mgaiwa lopanda mkaka, kenako muziwonjezera chinthu chatsopano chimodzi, m'mawa, n'kudikira masiku awiri kapena atatu musanawonjezere china. Musamumane mtedza ndi mazira chifukwa cha mantha. Kafukufuku wa LEAP wa ku London, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2015, anapeza kuti pakati pa ana omwe anali pachiopsezo chowengedwa ndi mtedza, oyamba kudya mtedza asanakwane chaka ziwengo za mtedza zinachepa ndi pafupifupi 80 peresenti poyerekeza ndi omwe ankaupewa. Phala lothira nsinjiro lomwe amayi athu ankatipatsa ndi labwino ndithu. Yambani ndi kansonga ka supuni. Dzira likhale lopsa bwino. Mwana yemwe khungu lake ndi loipa kwambiri, kapena anatupapo ndi chakudya china, funsani kaye adokotala. Nsinjiro muzisinja nokha kuchokera ku mtedza wosankha, chifukwa zina za pamsika amasinjira limodzi ndi mtedza wachuku, ndipo chuku chili ndi poizoni wake wosakhudzana ndi ziwengo. Mtedza wathunthu ayi, umatsamwitsa.

Likuni Phala ndi chimanga chosakaniza ndi soya, ndipo maphala ena a ana amawonjezeramo ufa wa mkaka, ndiye werengani paketi. Chiponde chomwe amapereka kwa ana onyentchera chili ndi mtedza komanso ufa wa mkaka. Mwana wanu akalembedwa kuti azilandira, musakachitaye mwakachetechete kunyumba, auzeni anamwino pomwepo za ziwengozo kuti aone chochita.

Zotsala

Khungu muzilipaka Vaseline wopanda fungo kangapo patsiku, makamaka akangosamba, ndipo sopo akhale wosanunkhira. Timachubu ta mafuta a zidzolo togulitsidwa pamphasa mumsika tambiri tili ndi ma steroid amphamvu, pankhope ya khanda musapake. Auzeni agogo, antchito ndi ana akuluakulu kuti asamulawitse tiyi wamkaka, yogati kapena bisiketi, ndipo muzibwereza ulendo uliwonse, kumaliro ndi kuukwati makamaka. Kusikelo musajombe, ndi komwe mungadziwire ngati akukula.

Ana ambiri a ziwengo zochedwa amayamba kuulola mkaka akamakwana chaka, ena amafika zaka 3 mpaka 5. Wanga tinamuyesa ali ndi chaka ndi miyezi iwiri, adokotala atavomereza, kuyambira kachidutswa ka bisiketi, kenako yogati pang'ono patapita masabata angapo, mkaka weniweni pomaliza. Yogati anatibweza kamodzi, tinadikira miyezi itatu n'kuyesanso.