Zoyenera kudziwa musanalumikize fani ndi pampu ku Alexa kapena Google Assistant

Dzuwa la Okutobala likafika poswa mtengo ku Nchalo, ku Ngabu ndi ku Bangula, pamene kutentha kumapitirira madigiri 40, munthu aliyense angakonde kuyatsa fani kapena kudzaza thanki ya madzi ndi mawu chabe ali khale pamkeka. Zimenezi n'zotheka kwa amene ali ndi magetsi kapena sola yamphamvu, koma pali zofunika kuzimvetsa musanawononge ndalama.

Alexa ndi Google Assistant ndi mapulogalamu othandiza amene amamva mawu a munthu n'kuchita zimene walamula; Alexa wa kampani ya Amazon adatuluka mu 2014 ndipo Google Assistant adabwera mu 2016. Mukalankhula, mawu anu nthawi zambiri amayenda pa intaneti kupita ku makompyuta a kunja kwa dziko lino, kumene amamasuliridwa, kenako lamulo limabwerera ku kachipangizo kotchedwa smart plug kamene mwalumikizako fani. Choncho bandulo ikatha kapena netiweki ikavuta, mungafuule mpaka mawu kusasa koma fani osazungulira. Dziwaninso kuti othandiza amenewa salandira malamulo m'Chichewa kapena m'Chisena, ndiye zipangizo zanu muzipatse mayina aafupi a Chingerezi amene agogo ndi ana omwe angathe kutchula. Pogula, sankhani zolembedwa Matter, dongosolo limene lidayamba mu 2022 lothandiza zipangizo za makampani osiyana kumvana, ndipo onetsetsani kuti rauta yanu ikutulutsa Wi-Fi ya 2.4 GHz chifukwa mapulagi ambiri amafuna imeneyo.

Pa nkhani ya pampu ndiye pofunika kudekha. Magetsi athu ndi a mavoti 230 ndipo pulagi ya mano atatu imapirira maampu 13, amene ndi mawati pafupifupi 3,000. Wina angaone kuti pampu yake ndi ya mawati 750 n'kuganiza kuti palibe vuto, osadziwa kuti mota ikamadzuka imakoka mphamvu yochuluka kangapo kuposa imene imadya ikamayenda, ndipo tizitsulo ta mkati mwa smart plug timapsa pang'onopang'ono mpaka kumatirira, pampu n'kukana kuzima. Itanani wamagetsi wodziwa ntchito kuti aike contactor, switchi yamphamvu yopirira magetsi ambiri, kuti pulagiyo izingopereka lamulo, katundu wolemera asenze ndi contactor. M'thanki muikenso float switch yozimitsa pampu madzi akadzaza.

Pali kanthu kena kamene ambiri amakaiwala: mu apu ya pulagi muli posankha chimene chichitike magetsi akabwerera atazima. Pa pampu sankhani kuti izikhala yozima, chifukwa ikadzuka yokha usiku chitsime chitaphwa, mota imapsa inu muli m'tulo.

Ife a kuno kuchigwa tikukumbukira mmene namondwe Ana adawonongera malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, komanso madzi amene adadza ndi Freddy mu Malichi 2023. Pachifukwachi musachotse switchi ya pamanja ngakhale imodzi, ndipo rauta, batire ndi mapulagi muzikhomere pamwamba pakhoma, kupitirira pamene padafika madzi osefukira pa nyumba yanu.