Kompyuta ikakana kuona chimbale poika Windows: momwe mungachitire

Mphwanga amene akuphunzira ku Chanco anabwera kwathu ku Matawale ndi laputopu ya kaunjika, nkhope ili yakugwa. Ankaikamo Windows kuchokera pa chimbale cha DVD, zinthu n'kuyamba bwinobwino, kenako pagalasi panatuluka mawu akuti "A media driver your computer needs is missing." Pa Windows 7 uthengawu umati "A required CD/DVD drive device driver is missing." Iye anali atatsimikiza kale kuti DVD drive, kachipangizo kowerenga chimbale, yafa, akagule ina kumsika. Ndinamuletsa, chifukwa uthenga umenewu umasocheretsa anthu ambiri.

Taganizani: ngati kompyuta yafika pokuonetsani uthengawo, ndiye kuti yawerenga kale mbali ina ya chimbalecho. Drive yakufa singafike pamenepo. Choncho yambani kukayikira chimbale. Chitulutseni, muchiyang'ane pa kuwala ngati chili ndi zikwakwalu, ndipo muchipukute ndi kansalu kofewa kuchokera pakati kupita m'mphepete, osati mozungulira. Zimbale zambiri zimawonongeka pobena (polembapo Windows) penipeni, makamaka wobenayo akathamangitsa liwiro kapena fayilo ya ISO, yomwe imasunga Windows yonse yokalembedwa pa chimbale, ikaduka poitsitsa pa intaneti. Benaninso pa liwiro lotsika, monga 4x. Dziwaninso kuti DVD wamba imanyamula 4.7GB yokha, pamene ISO ya Windows 10 kapena 11 ya masiku ano imaposa pamenepo, ndiye imafuna chimbale cha 8.5GB.

Ngati drive yanu ndi yakunja, yolumikiza ndi chingwe cha USB, onani pamene mwaisomeka. Pobowoka pa mtundu wa buluu nthawi zambiri ndi USB 3.0, ndipo Windows 7 inatuluka isakuidziwa imeneyi. Isamutsireni pakuda, pa USB 2.0, muyambirenso.

Nkhani imasintha ngati kompyuta sikuyamba n'komwe kuwerenga chimbale. Apa lowani mu BIOS, pulogalamu imene imayendetsa zipangizo za kompyuta Windows isanadzuke. Mukangoyatsa, dinani F2 pa Dell, F10 pa HP, F1 kapena F2 pa Lenovo. Fufuzani ngati dzina la drive likuoneka pa mndandanda wa zipangizo. Likaoneka, liikeni pamwamba pa Boot Order kuti kompyuta iyambe kuyang'ana chimbale isanafike pa hard disk. Muli momwemo, onani SATA Mode, pamene pamasankhidwa njira imene kompyuta imalankhulirana ndi hard disk ndi drive. Makompyuta ena akale amayamba kugwira bwino mukasintha kuchoka pa AHCI kupita pa IDE, kapena kubwerera ku AHCI. Koma chonde lembani papepala mmene zinalili musanakhudze, chifukwa Windows imene ilimo kale ikhoza kukana kudzuka mukasiya zosinthazo. Mukaona kuti tsiku ndi nthawi mu BIOS zabwerera m'mbuyo zaka zambiri, kabatire kozungulira ka CR2032 katha, ndiye zonse zimene mukusintha zikuiwalika magetsi akathima.

Dzina la drive likapanda kuoneka mu BIOS, vuto lili pa zingwe kapena pa drive yeniyeniyo. Ngati ndi kompyuta ya bokosi, osati laputopu, izimitseni, zulani kumagetsi, tsegulani bokosilo. Kuseri kwa drive kuli zingwe ziwiri, chaching'ono cha deta ndi chachikulupo cha magetsi. Zulani zonse, muzisomekenso mwamphamvu, ndipo yesani chingwe china ngati chilipo. Pa laputopu zambiri drive imagwidwa ndi sikuluwu imodzi pansi. Masulani sikuluwuyo, sololani drive, muibwezere bwino. Fumbi la mu Okutobala ndi chinyezi cha dzinja la kuno kunsi kwa phiri zimadetsanso kagalasi kowerengera, koma musakakande ndi chala.

Zonsezi zikakanika, musataye ndalama pa drive ina. Pezani fulashi ya 8GB kapena kuposa, muikemo Windows ndi pulogalamu yaulere ya Rufus kapena Media Creation Tool ya Microsoft. Chilichonse chimene chili mu fulashiyo chifufutika, choncho yambani mwasamutsa zanu, pamodzi ndi mafayilo a m'kompyuta imene mukukonzayo. Poyatsa dinani F12 pa Dell ndi Lenovo, kapena F9 pa HP, n'kusankha fulashi.

Kwa mphwanga uja, chimbale n'chimene chinali chobenedwa molakwika. Tinaika Windows ndi fulashi madzulo omwewo, ndipo drive imene ankafuna kutaya ija ikuwerengabe zimbale zina mpaka lero.