Momwe mungathandizire seva imene ikutsamwa ndi ma packet, musanathamangire polling

Anzanga amene mumasamala ma seva m'masukulu ndi m'maofesi muno mu Zomba, vuto la polling ndi loti timangokopera malangizo akalekale pa intaneti osayamba tawerenga kuti makina athu ali ndi ma core angati, ndiye kuti magawo a CPU amene amagwira ntchito paokhapaokha. Ineyo zinandionekera pa kaseva kena ku Matawale, Loweruka lonse linathera pomwepo.

Nkhani yake ili chonchi, network card ikalandira packet, kachidutswa ka data koyenda pa netiweki, imagogoda CPU, kugogodako ndiye interrupt. Taganizani wapachigayo amene akusiya kugaya nthawi iliyonse munthu akafika ndi kambale kamodzi ka chimanga. Pa gigabit tima packet ta 64 bytes timatha kufika 1.48 miliyoni pa sekondi, ndiye CPU imangokhalira kuyankha odi, ufa osatuluka. Polling ndi kuuza card kuti usagogode, ndizibwera ndekha kudzatapa zimene zaunjikana.

Choyamba yezani kaye. Ikani sysstat, lembani mpstat -P ALL 1 nthawi imene anthu adzaza pa netiweki, muyang'ane pa %soft, gawo la nthawi limene core iliyonse ikuthera pa ntchito yobwera ndi ma interrupt. Kenako cat /proc/interrupts. Mukaona core imodzi ili thukuta kamukamu pomwe zinzake zikuwothera dzuwa, ndiye kuti vuto si kusowa kwa polling ayi, ndi loti aliyense wafola pa chigayo chimodzi pomwe zigayo zilipo zinayi.

Chachiwiri, ngati muli pa Linux musavutike kusaka poyatsira polling, ilimo kale, dzina lake NAPI. Packet yoyamba imagogoda, kernel, mtima wa Linux, imatseka interrupt nkuyamba kutapa mpaka mzere utatha, kenako imatsegulanso. Chimene mungakhudze ndi net.core.netdev_budget ya mu sysctl, malire a ma packet amene kernel imatapa paulendo umodzi, imene imabwera ili 300. Tsegulani /proc/net/softnet_stat, mzere uliwonse ndi core yake, nambala yachitatu ikamakwera ndiye kuti kernel ikumasiya kutapa ntchito isanathe, yesani kuika netdev_budget pa 600. Manambalawo ali mu hex, musadabwe kuonamo zilembo.

Chachitatu, ndipo apa mpamene pali phindu lenileni, gawani katundu. ethtool -l eth0 (pa eth0 ikanipo dzina la card yanu) ikuuzani ma queue, mizere yolandirira ma packet, amene card yanu ili nawo. Ngati ikulola, lembani ethtool -L eth0 combined 4 pa makina a ma core anayi, muonetsetsenso kuti irqbalance, imene imagawa ma interrupt pa ma core, ikuyenda. Ma card otchipa ambiri ali ndi queue imodzi basi, pamenepo gwiritsani RPS, njira imene kernel imagawira yokha ma packet pa ma core, lembani f mu /sys/class/net/eth0/queues/rx-0/rps_cpus, f ameneyo akutanthauza ma core onse anayi.

A FreeBSD tamvani. DEVICE_POLLING ya Luigi Rizzo inalowa mu FreeBSD 4.6 mchaka cha 2002, nthawi imene makina ambiri anali a CPU imodzi, ndipo inathandizadi. Koma kutapa kwake sikugawidwa pa ma core, ndiye pa card ya ma queue ambiri mukungobweza anthu onse pa chigayo chimodzi chija, komanso HZ, maulendo amene wotchi ya kernel imagunda pa sekondi, ikakhala 1000 packet ikhoza kudikira millisecond yathunthu. Ngati munaiyatsa, izimitseni ndi ifconfig em0 -polling (pa em0 ikanipo dzina la card yanu) kenako muyezenso ndi iperf3 ndi ping, mufananize.

Palinso net.core.busy_poll ndi busy_read zimene zinabwera mu Linux 3.11, anthu amaikapo 50, ndiye kuti ma microsecond amene CPU idikire packet ikuzungulira. Zimachepetsa kudikira inde koma CPU imangozungulira ngakhale pasabwere kanthu, magetsi akathima batire la UPS lizimva. Pa seva yongosunga mafayilo kapena ya Moodle ine sindiona chifukwa chake.

Zonsezi chitani madzulo anthu ataweruka, chimodzi pa nthawi, chifukwa ethtool -L imatha kudula netiweki kwa kanthawi ndipo ngati mwalowa ndi SSH muli ku Chinamwali mukwera kabaza usiku. Za sysctl zisungeni mu /etc/sysctl.d, za ethtool ndi RPS zimafufutika seva ikazima ndiye muziikire ka script koyamba nayo limodzi.