Kafufuzidwe ka ubale m'manda amakedzana oikidwamo anthu angapo

Mukafukula dzenje lamakedzana n'kupezamo mafupa a anthu angapo, musathamangire kuwatola. Yambani mwajambula ndi kulemba momwe aliyense anagonekedwera, pakuti oika malirowo ankadziwa bwino kuti uyu ndi wa yani, ndipo mafupa akangosunthidwa umboni umenewo subwereranso. Ku Eulau m'dziko la Germany, komwe m'chaka cha 2005 kunapezeka manda anayi a zaka pafupifupi 4,600 okhala ndi anthu 13, bambo, mayi ndi ana awiri anagonekedwa moyang'anizana, wamkulu aliyense ndi mwana mmodzi.

Kenako onani mafupawo kuti mudziwe msinkhu wa munthu, ngati anali wamwamuna kapena wamkazi, ndiponso chimene chinamupha. Zigaza zoswedwa ndi nsonga ya muvi yotsalira m'fupa la msana zinasonyeza kuti a ku Eulau anachita kuphedwa.

Kuikidwa pamodzi si umboni wokwanira wa magazi amodzi, choncho tengani DNA, chizindikiro cha m'thupi chimene munthu amatengera kwa makolo ake, makamaka m'mano kapena m'fupa lolimba la mkati mwa khutu momwe imasungika bwino. Kuyeza kotere kunatsimikiza kuti anayi aja anali makolo ndi ana awo aamuna. Koma m'manda ena pomwepo munali mayi wogonekedwa ndi ana awiri amene sanabereke iye. Apa mpofunika kudekha kwambiri, chifukwa mwina anali mayi wowapeza kapena azakhali awo, ndipo ine ndimaona kuti kungolemba kuti panalibe ubale n'kumulakwira munthu amene anzake anamuona woyenera kuikidwa pamodzi ndi anawo.

Mano ali ndi nkhani inanso. Amasunga mchere wina wa m'nthaka wotchedwa strontium, wochokera m'madzi ndi m'zakudya za kumene munthu anakulira, ndipo mukamuyerekeza ndi wa m'dera la mandawo mumadziwa wobadwira pomwepo ndi wobwera. Ku Eulau amuna ndi ana anali a komweko, pamene akazi anakulira kwina, zomwe zikufanana ndi chitengwa osati chikamwini.

Pomaliza, lumikizani onse mumzere wa mibadwo, osataya amene sakulowamo mwa magazi. M'manda a Hazleton North ku England, a zaka pafupifupi 5,700, anthu 27 mwa 35 oyezedwa anali a banja limodzi la mibadwo isanu, lochokera kwa bambo mmodzi amene anabereka ana mwa akazi anayi. Ana aamuna amene ena mwa akaziwo anabereka ndi amuna ena anaikidwanso m'manda omwewo, pamodzi ndi abale awo.