Melanoma ya m'mphuno: cithandizo cake ndi zimene mungayembekezele

Pepala ili ndi la inu amene dokotala wakuuzani kuti muli ndi khansa yochedwa melanoma ya m'mphuno, komanso acibale amene akukusamalilani.

Khansa imeneyi imayambila m'maselo opanga mtundu wa khungu, amene amapezekanso pa kakhungu konyowa ka m'kati mwa mphuno ndi m'timphako ta m'mafupa a kumaso, tochedwa ma sinus. Siibwela cifukwa ca dzuwa, ndipo simungapatsile munthu wina. Ndi yosowa kwambili, ndipo imagwila makamaka anthu opitilila zaka 60. Imayamba ngati cimfine wamba: mphuno imodzi kutsekeka, kapena kutuluka magazi mobwelezabweleza. Ndiye cifukwa cake ambili amafika ku cipatala mocedwa. Musadziimbe mlandu.

Cithandizo cacikulu ndi opaleshoni. Asanaicite, madokotala amadula kanyama kocepa kukapima, ndi kujambula ndi makina a CT ndi MRI, nthawi zina PET, kuti aone pamene cotupa cafika. Colinga ndi kucotsa cotupa conse pamodzi ndi mnofu wabwino wozungulila. Apa ndiye pamavuta, cifukwa diso ndi ubongo zili pafupi, malo odula ndi ocepa. Nthawi zambili amaloŵetsa kamela ndi zipangizo kudzela m'mphuno popanda kuceka nkhope, koma cotupa cikakula amatsegula kunja. Funsani mosaopa zimene zidzasintha pa kanunkhizidwe, maso ndi maonekedwe anu musanasaine pepala lovomela opaleshoni.

Bala likapola, ambili amapatsidwa radiotherapy (kuwalitsa ceza ca makina pamalopo kuti maselo a khansa afe) kwa milungu ingapo. Imacepetsa mpata wakuti khansa imelenso pamalo omwewo, ngakhale kuti siiletsa kufalikila kutali. Ingaumitse m'mphuno ndi m'kamwa, kupweteka khungu, ndi kutopetsa.

Ngati khansa yafalikila kale kapena siingadulidwe, pali mankhwala a m'dilipi odzutsa citetezo ca thupi, monga nivolumab, pembrolizumab ndi ipilimumab. Amathandiza ena kwa nthawi yaitali, koma sagwila bwino monga acitila pa melanoma ya pakhungu. Pamene mukulandila mankhwalawa, mukayamba kutsegula m'mimba, kupuma movutikila kapena maso kucita cikasu, pitani ku cipatala tsiku lomwelo, musadikile tsiku lanu. Pemphaninso kuti cotupa cipimidwe majini (malangizo a m'kati mwa maselo) ochedwa KIT ndi BRAF. Akapezeka osintha, pali mapilisi ena, monga imatinib, amene angayesedwe. Chemotherapy (mankhwala opha maselo a khansa) payokha sithandiza kwenikweni.

Sitikubisilani: matenda awa ndi aukali. Ngakhale kacotupa kacepe bwanji, madokotala amakaika pa siteji 3 kapena 4, imene ndi milingo yapamwamba ya khansa. Pa odwala 10 alionse, pafupifupi atatu ndiwo amakhala ndi moyo pakatha zaka 5. Ciŵelengeloci ndi ca gulu, sicinena za inu panokha. Zimayenda bwinoko ngati cotupa cili m'mphuno mokha osati mu ma sinus, ngati cacotsedwa conse, ndipo ngati sicinafike ku mapapo, ciwindi, mafupa kapena ubongo.

Khansayi imatha kubwelanso patapita zaka, conco musaphonye masiku opimidwa ngakhale mukumva bwino. Mankhwala azitsamba kapena ena alionse amene mukumwa, auzeni adokotala. Ululu ukakula kapena magazi akapanda kuleka, nenani msanga. Thandizo locepetsa ululu mungalilandile kuyambila tsiku loyamba, pamodzi ndi cithandizo cina conse.