Mmene mungayendetsere laibulale ya pasukulu kuti ana azibwereka mabuku ndi kubweza

M'sukulu zambiri za ku Salima ndi ku Nkhotakota mabuku alimo ndithu, koma ali m'makatoni mu ofesi ya aphunzitsi aakulu, kiyi ili m'thumba. Amaopa kuti ana awang'amba kapena awataya. Koma buku lotsekeredwa limathabe, kungoti limadyedwa ndi chiswe lisanawerengedwe. Ntchito yanu ndi kukonza njira yoti buku lizipita kumudzi ndi mwana n'kubweranso.

Yambani ndi malo. Ngati palibe chipinda chapadera, ngodya ya kalasi kapena bokosi lachitsulo lokhala ndi loko n'zokwanira. Kunyanja kuno mabuku amawonongeka ndi chinyontho, chiswe ndi mileme. Mashelefu atalikirane ndi khoma masentimita 10, ndipo thabwa lapansi likhale masentimita 15 kuchokera pasimenti, kuti mphepo izidutsa komanso tsache lizilowa. Miyendo ya shelefu muiimike m'zitini zothiramo oyilo wakale wa galimoto, chiswe sichiwoloka pamenepo. Sabata iliyonse yang'anani kuseri ngati sichinayambe kumanga njira zake zadothi. Yang'ananinso kudenga: pomwe pali zitosi za mileme kapena malata odontha musaikepo shelefu. Shelefu ya ana a Sitandade 1 mpaka 4 isapitirire mita imodzi kutalika, ndipo mabuku awo muwaike chikuto chikuyang'ana kutsogolo, chifukwa mwana wamng'ono amasankha ndi chithunzi.

Buku lililonse lipatseni nambala, mulidinde chidindo cha sukulu mkati mwa chikuto ndi patsamba lina limodzi lomwe mwagwirizana, monga tsamba 11. Chikuto chikathothoka, buku limadziwikabe kwawo. Kenaka agaweni ndi mitundu ya penti pamsana pake: wobiriwira wa mabuku a mawu ochepa ndi zithunzi zazikulu, wachikasu wa nkhani za ndime zingapo, wofiira wa nkhani zazitali. Musalembepo kalasi. Mnyamata wa Sitandade 6 amene akuvutikabe ndi maphatikizo sangatenge buku lolembedwa kuti "Sitandade 2" anzake akuona, koma lobiriwira atenga. Mphunzitseni kudziyesa yekha: awerenge tsamba limodzi, apinde chala pa liwu lililonse lomwe lamukanika. Zala zisanu zikatha, asankhe lina losavuta.

Onetsetsani kuti a Chichewa achuluka. Mabuku ambiri a mphatso amabwera m'Chingerezi chozama. Funsani ku National Library Service, bungwe loyang'anira malaibulale m'dziko muno, mmene sukulu ingapezere mabuku, ndipo mlangizi wa zoni angakuuzeni zomwe zili ku TDC, malo omwe aphunzitsi a m'zoni amakumanirana ndi kuchitira maphunziro. Masamba a Chichewa a m'nyuzipepala, monga Tamvani ndi Tikambe, mukawasokera pa katoni amakhala nthawi. Ana a Sitandade 7 akhozanso kulemba nthano zomwe amva kwa agogo awo, za kalulu, za ng'ona, za asodzi ndi mphepo ya mwera, n'kujambulapo zithunzi. Timabuku totere sitigona pashelefu.

Kubwereketsa ndiye pagona nkhani. Gulani kope lachikuto cholimba, mujambule mizere ya tsiku, dzina, kalasi, nambala ya buku ndi tsiku lobweza. Buku limodzi kwa mwana mmodzi, masiku 7. Kalasi iliyonse ikhale ndi tsiku lake, ndipo pewani Lachisanu masana, pakuti ana ambiri kuno amapita ku mzikiti. Cholembera chikhale m'manja mwa ana awiri a kalasiyo, mtsikana ndi mnyamata, osinthana teremu iliyonse. Musasankhe okhoza bwino okhaokha. Mwana amene amatchedwa wosamva akapatsidwa kaundula nthawi zambiri amasintha, chifukwa wina wamukhulupirira. Makhalidwe amene timafuna amaphunzitsika apa: kusunga tsiku lomwe walonjeza, kudikira pamzere, kusamba m'manja usanagwire chinthu chomwe mnzako achigwire mawa, kuvomera ukang'amba.

Buku likasowa musamenye mwana, musamulipitsenso ndalama zomwe kwawo kulibe. Mukatero anzake onse asiya kubwereka, ndipo wong'amba azibisa. Mpatseni sabata ina yofufuza, amayi a mother group akacheze ndi makolo ake, ndipo likapanda kupezeka athandize kusoka mabuku ong'ambika masana awiri, kenaka abwerekenso. Dziwiranitu kuti chaka chilichonse ena adzasowa, ndipo komiti ya sukulu iziikako kangachepe kogulira ena pa ndalama za SIG, zomwe boma limapereka zotukulira sukulu. Nthawi ya dzinja mwana aliyense anyamulire buku m'kathumba kosalowa madzi, ngakhale paketi yakale ya shuga. Likanyowa liimikeni chotsegula pamthunzi podutsa mphepo. Padzuwa limapindika, ndipo mukalitseka lili lonyowa masamba amamatana n'kuchita nguwi.

Pokonza gwiritsani ntchito singano, ulusi ndi guluu woyera wa akalipentala. Selotepi imamatuka ndi kutentha kwa Okutobala n'kusiya banga. Phala la chinangwa limamata bwino, koma limaitana mphemvu ndi makoswe. Timawaya tomangira pakati pa buku timachita dzimbiri msanga ndi chinyontho cha kunyanja, choncho tichotseni n'kusoka ndi ulusi.

Chikondi cha kuwerenga chimayambira m'khutu. Patulani mphindi 20 kawiri pa sabata, aphunzitsi awerenge mokweza pansi pa mtengo wa mango, akusintha mawu ngati agogo pamoto, n'kulekeza pamene nkhani yafika pokoma. Buku limenelo lidzalimbiranidwa tsiku lomwelo. Musapereke mayeso pa nkhaniyo, musawauzenso phunziro lake. Afunseni funso lochokera m'nkhaniyo, monga lakuti, "Iweyo ukanakhala mwana uja, ndalama watolayo ukanatani nayo?" ndipo muwasiye atsutsane. Kamodzi pa sabata mwana wa Sitandade 6 akhale ndi wa Sitandade 2 n'kumuwerengera, chala chikulondola mawu. Wamkuluyo amaphunzira kuleza mtima, ndipo kuwerenga kwake komwe kumawongoka.

Kumapeto a teremu tsegulani kaundula muwerenge maina omwe sanaonekemo ngakhale kamodzi. Kawirikawiri ndi ana ojomba chifukwa cha kudooko kapena kuinga mbalame kumpunga. Amenewo musadikire kuti abwere okha, atengereni buku lobiriwira m'kalasi momwemo.